Chenjezo kwa ana anga a yunifolomu: dzino limagwetsa msilikali

Ana anga asilikali, ndi inu amene mukuthamanga m'mawa uliwonse kukonzekera kukalowa usilikali ku MAFCO ku Salima, tandimverani pang'ono. Jombo mumapolisha mpaka munthu kudziwonerapo nkhope, mfuti mumaipukuta tsiku ndi tsiku, koma mkamwa mwanu mwasiya ngati si mwanu. Botolo la mowa mukutsegula ndi mano pagulu kuti anzanu akutameni, tiyi shuga masipuni anayi, usiku ma energy drink ndi fodya kuti tulo tisabwere, kenako kugona osagwirako nkomwe mswachi. Dzino likabooka mukumwa panado nkumati lipola lokha, ena mpaka kuthiramo madzi a batire kapena kuika asipilini pa nkhama mpaka kupsa. Zimenezi ndi zachibwana ndipo zikundikwiyitsa.

Musaganize kuti ndi nkhani yaing'ono. Pa nkhondo ya pakati pa Britain ndi ma Boer, azungu a ku South Africa, 1899 mpaka 1902, asilikali a Britain oposa 2,000 anabwezedwa kwawo chifukwa cha mano basi, osati chipolopolo, mano awo ankalephera kutafuna mabisiketi ouma ndi nyama yolimba imene ankapatsidwa ndiye munthu osadya agwira bwanji mfuti. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 anyamata okhala m'ngalande zankhondo miyezi osatsuka mkamwa, akusuta, akudya mosakwanira komanso ali ndi nkhawa, nkhama zawo zinkachita zilonda nkumawola ndi kutuluka magazi ndi fungo loipa, matenda amene mpaka lero amatchedwa trench mouth. Britain inaphunzirapo, mu 1921 inakhazikitsa gulu la madokotala a mano a asilikali okhaokha. Ku America nako, pamene ankalemba asilikali kumayambiriro kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mano ndiwo ankalepheretsa anyamata ambiri kuposa vuto lina lililonse, ndipo lero msilikali wawo akamuyeza nkupeza kuti dzino lake lingamuvute mkati mwa miyezi 12 amamuika gulu lachitatu, sapita kunja mpaka alikonze kaye.

Nanga ife? Anyamata athu akhala akupita ku DRC kuyambira 2013 limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa, kunkhalango za ku Beni uko. Tangoganizani muli pa ulonda usiku kutchire, tsaya latupa, mutu ukugunda, simunagone masiku awiri, nsima simungatafune, mumva bwanji mdani akuyenda m'masamba? Ndipo simuvutika nokha ayi, kuti akuchotseni kumeneko pafunika galimoto, mafuta ndi anzanu ena okuperekezani pa msewu woopsa, miyoyo ya anthu kuika pachiswe chifukwa cha bowo limene akanalimata ku chipatala musananyamuke. Choopsa kwambiri nchakuti mafinya a dzino la pansi la kumbuyo amatha kutsikira kukhosi, khosi nkutupa mpaka kutseka mpweya, munthu wamphamvu zake kufa ndithu. Inu a zaka 17 mpaka 25 mudziwenso kuti ndi nthawi imene mano omalizira a kumbuyo kwenikweni amamera, ndipo amakonda kutupitsa nkhama akamatuluka mopingasa.

Ndikudziwa ena mumachita manyazi, eti msilikali wathunthu akadandaule dzino kwa adokotala anzanga andiseka. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje ana anga. Tsukani mano m'mawa ndi usiku musanagone ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, mukatha lavulani koma osachukucha ndi madzi, mswachi uzikhala m'chikwama chomwecho muli sopo ndi polishi. Nkhama zikayamba kutuluka magazi kapena dzino likamanyenyeza mukamwa madzi ozizira pitani kwa dokotala wa mano sabata yomweyo, musadikire kuti dzina lanu lituluke pa mndandanda wa opita kunja. Inunso akuluakulu oyang'anira anyamatawa, pa perete mumayang'ana ndevu ndi zikhadabo, muziwafunsanso kuti mano anawayezetsa liti.