Bomba lokwirira silimva kuti nkhondo yatha

Ine ndinakulira ku Ntcheu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire: uku Malawi, tsidya linalo Mozambique. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, anthu othawa kwawo anadzaza m'midzi mwathu. Mpaka lero ndimawaona m'maso mayi ena amene ankagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, mwendo umodzi utathera m'bondo, ndodo atazitsamiritsa pathumba. Mfuti sanaigwirepo. Anaponda bomba popita kukatola nkhuni. Ana tinkawayang'anitsitsa mpaka agogo kutikoka khutu.

Ndiye pamene ndinamva kuti m'chaka cha 2025 mayiko a Poland, Finland, Estonia, Latvia ndi Lithuania alengeza zotuluka m'pangano loletsa mabomba okwirira pansi, mtima unandiwawa. Ati akuopa Russia. Manthawo sindikuwatsutsa ayi, tonse tikuona zomwe zikuchitika ku Ukraine. Koma abale, amene adzaponde mabombawo patapita zaka 20 ndi ndani? Asilikali amene akuwaopawo adzakhala atapita kwawo kalekale. Adzatsala ndi mlimi, m'busa wa ng'ombe, ndi kamwana kothamangitsa mpira.

Taonani Mozambique. Mtendere anausainira ku Rome mu 1992, koma dziko linadzalengezedwa kuti mabomba odziwika atha mu 2015. Zaka 23 anthu akuopa munda wawo womwe! Mvula ikagwa yambiri, madzi amakokolola mabomba ena n'kukawasiya poti dzulo panali pabwinobwino. Ku Zimbabwe, cha ku Mukumbura, anthu akhala akulumala ndi mabomba amene asilikali a Rhodesia anatchera m'ma 1970. Wotcherayo mwina anamwalira, msampha wake udakali maso.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti ambiri mwa mabombawa sanapangidwe kuti aphe. Cholinga n'kudula phazi basi, kuti anzake a wovulalayo atanganidwe ndi kumunyamula. Munthu anakhala pansi n'kuganiza zimenezo, n'kulandira malipiro.

Pangano lija linasainidwa ku Ottawa mu 1997, chaka chomwe Princess Diana anayenda pamalo a mabomba ku Huambo, Angola, ndipo Jody Williams, mayi wa ku America amene ankatsogolera ntchito yoletsa mabombawa, ndi anzake analandira mphoto ya Nobel. Mayiko oposa 160 analowamo, Malawi yemwe, ndipo msonkhano woyamba wa mamembala unachitikira ku Maputo mu 1999. Koma akuluakulu a zida, America, Russia, China ndi India, sanalowemo mpaka pano. Ife osauka ndife tinamvera. Tsopano enanso olemera akuti tatopa nalo.

Ndipo mukudziwa amene wathandiza kuyeretsa nthaka? Bwampini. Eya, khoswe wamkulu yemwe uja timamutchera kudimba. A bungwe la APOPO amamuphunzitsa ku Morogoro, ku Tanzania, kununkhiza onga. Ndi wopepuka moti bomba siliphulika akaliponda. Akalipeza amakanda pansi, amupatsa nthochi, kenaka munthu amagwada n'kuyamba kufukula dothi pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu m'chovala cholemera chija. Bwampini wina dzina lake Magawa anachita kulandira mendulo ya golide mu 2020 chifukwa cha ntchito yake ku Cambodia.

Nduna zimene zikufuna kuyambiranso kukwirira zija zikanapita kaye kumalo kumene kudakali mabomba, zigwade tsiku limodzi lokha pambuyo pa bwampini, dzuwa la Okutobala lili pamutu.