Mankhwala alipo, koma akufika kwa ndani?

Lero ndapsa mtima zedi abale. Mnzanga wina yemwe timagwira naye ntchito kuno ku Georgia ku America, mayi wachikuda wobadwira konkuno, anapita kuchipatala kukafunsa za PrEP, mankhwala aja oteteza munthu kuti asatenge HIV, ndiye adokotala angomuyang'ana n'kumuuza kuti mayi inu muli pabanja zimenezi si zanu. Wabwerako chimanjamanja. Si zake bwanji? Munthu wadzuka yekha, wajomba kuntchito, wabwera kudzapempha chitetezo inu n'kumubweza? Za mwamuna wake mukuzidziwa ndinu?

Nkhani yanga ndi imodzi basi, mankhwala alipo koma sakufika kwa amene matendawa akuwagwira kwambiri. Akuda ku America kuno ndi pafupifupi 12 pa anthu 100 alionse, koma mwa amene anatenga kachilombo mu 2022, 37 pa 100 anali akuda. Awa ndi manambala a CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, osati anga. PrEP anavomerezedwa kalekale mu 2012, koma pofika 2022, mwa azungu ofunika kumwa 94 pa 100 anali atalemberedwa, akuda 13 okha. 13! Ndiye wina azindiuza kuti vuto ndi khalidwe lathu? Ayi ndakana. Mankhwala akupita uko, matenda ali kuno, basi. Mwa azimayi opezeka nako chaka ndi chaka theka ndi akuda, koma mayi wachikuda akafunsa akuuzidwa kuti si zake.

Zifukwa timazidziwa, inshuwalansi, umphawi, zipatala kutali, Georgia yomweyi kukana kukulitsa mokwanira Medicaid, inshuwalansi ya boma ya anthu osauka. Mvula ikakuona litsiro siikata.

Chikundiwawa kwambiri ndi jakisoni uja wa PrEP wotchedwa lenacapavir wobaya kawiri pachaka. Anakamuyesa pa atsikana a ku South Africa ndi Uganda, ana athu akuda anapereka matupi awo, zotsatira zinatuluka mu 2024 zabwino zedi, kenako June 2025 wavomerezedwa kuno mtengo wake kuposa madola 28,000 pachaka. Mayi wopanda inshuwalansi ku Mississippi azitenga kuti zimenezo? Poyesa mankhwala mumatipeza msanga, pogawa mwatiiwala. Kwathu ku Malawi, dziko losauka lija, ma ARV ndi aulere kuyambira 2004, ndiye dziko lolemera chonchi lilephere bwanji kufikira anthu ake omwe? Sikulephera kumeneko, ndi kusafuna. Ndalama zipite kumene kuli matenda, adokotala aliyense azimuuza wodwala aliyense za PrEP asanafunse n'komwe, nanga chovuta n'chiyani pamenepa.

Komanso za Tennessee zija sindinaiwale, mu 2023 boma lawo linakana ndalama za CDC zopewera HIV, mamiliyoni, pomwe Memphis mzinda wawo wodzaza akuda uli m'gulu la mizinda yomwe kachilombo kakufala kwambiri. Kukana ndalama zoti anthu ayezetse! Amene anasaina zimenezo ana awo ali ndi dokotala wawo wawo.