Oilo wamba ndi dzuwa la Okutobala, anzanga a kabaza tamvani

Nyengo yotentha ija yafika ndipo mkangano wa oilo wayambanso m'masiteji. Ena akuti oilo wamba, uja amati mineral, sapirira dzuwa la Okutobala ndi Novembala, ati ngati ulibe ndalama ya sinthetiki, oilo wodula uja wopangidwa mwapadera, bola njinga yamotoyo ungoiimika. Ine nde ndikukana. Oilo wamba amagwira bwinobwino ngakhale ku Nsanje ndi ku Chikwawa komwe kutentha kumadutsa madigiri 40, chachikulu akhale weniweni, wa nambala yoyenera, ndipo musamusunge mu injini ngati ndi m'bale wanu.

Taonani mmene njinga zathuzi zinapangidwira. Boxer, TVS, Lifo, Kinglion ndi zinzake zilibe madzi oziziritsa injini ngati galimoto, zimadalira mphepo yomwe ikuomba pa timizeremizere ta chitsulo ta pa silinda tija, kuphatikizapo oilo yemweyo. Oiloyo ndi ka lita imodzi basi kapena kuposerapo pang'ono, pomwe galimoto yaing'ono imamwa malita 3 kapena 4. Ndiye ka lita kamodziko kakusamalira pisitoni, kakusamalira magiya, kilatchi nayo imasambira momwemo. Mano a magiya amamutafuna oiloyo mpaka amayamba kupyapyala, kutentha nako kukumupsereza, ndipo odziwa za oilo amati kutentha kukakwera ndi madigiri 10 okha liwiro lomwe amaonongekera limawirikiza kawiri. Apa mpomwe sinthetiki amapambana, izi sindingatsutse, amachedwa kupsa komanso sauma msanga. Koma kuchedwa kupsa ndi nkhani ya masiku omwe oilo akhale mu injini, sikuti wamba akangomva dzuwa nde basi wasanduka madzi.

Tatengani njinga yomwe yachoka pa Thabwa kukwera mapiri aja kupita ku Blantyre masana dzuwa lili paliombo, pampando pali anthu awiri kumbuyo thumba la chimanga, giya thu yokhayokha, injini ikulira kwambiri koma liwiro palibe ndiye mphepo yoziziritsa ilinso yochepa. Kapena ija yapanikizika pa mzere wa magalimoto mu Limbe injini ikungolira osayenda. Ukaima umamva injini ikuchita the the the, fungo la kupsa, nyutirolo osapezeka, giya kulowa mpaka uchite kuiponda mwamphamvu. Oilo wa 20W-50 watsopano amapirira zimenezi, nambala ya 50 ija ikunena za kulimba kwake akatentha kufika madigiri 100. Koma yemweyo atayenda miyezi iwiri osasinthidwa, wakuda bii, ukamugwira pakati pa zala akumveka timchenga, ameneyo ulendo ngati umenewu ndi womwe amakunokerani injini.

Ine maganizo anga, nyengo ino wa kabaza asadutse makilomita 1,500 mpaka 2,000 pa oilo wamba, ngakhale buku la njinga litalola ochulukirapo, chifukwa cha fumbi la misewu yathu ndi katundu yemwe timanyamula. Ngati mumayenda makilomita 100 pa tsiku nde kuti masabata awiri kapena atatu mwakwana kale. Ndipo mmawa uliwonse musanalize, njinga iime chilili pamalo osapendekeka, tulutsani koyezera oilo kaja, pukutani, yezani. Kukatentha oilo amatsika ngakhale pasakhale podontha, ndipo pa lita imodzi kuchepa kwa theka la kapu si nkhani yaing'ono. Kasefa ka oilo ka pansi kaja nako muzikatsuka posintha oilo, komanso matope omwe amauma pa silinda muziwachotsa chifukwa amatsekereza mphepo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi oilo wa m'mabotolo a madzi akumwa amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu. Palibe dzina, palibe nambala, wogulitsa amangoti ndi wabwino bwana. Wina ndi wotsala m'malole, anangomusefa ndi nsalu. Mnyamata amagula poti ngotchipa, pakatha mwezi njinga ikufuka utsi, maring'i a pisitoni apita, kenako pa siteji nkumati oilo wamba ngwachabe, chonsecho oilo wamba weniweni sanamuthirepo n'komwe. Gulani wa m'chigubu chomata, ndipo yang'anani kumbuyo ngati palembedwa JASO MA kapena MA2. Umenewu ndi muyezo wa ku Japan womwe unayamba mu 1998, umatsimikiza kuti oiloyo ngoyenera kilatchi yosambira mu oilo. Oilo wina wa galimoto, makamaka wopyapyala uja wopulumutsa mafuta, amakhala ndi mankhwala oterera kwambiri, kilatchi imayamba kutsetsereka, uponda moto injini ikukuwa koma njinga osathamanga, makamaka pa chitunda.

Kwa inu mabwana eni njinga, ndalama ya tsiku mumaifuna yokwana madzulo aliwonse, koma mnyamata akanena za oilo mumati tiona sabata yamawa. Iyenso poopa kuchepetsa ndalama yanu amakagula wa m'botolo uja. Injini ikanoka mumamunena kuti sasamala njinga, mwinanso kumulanda kumene, pomwe mtengo wa pisitoni, maring'i, kuboola silinda ndi makaniko ukanagula oilo wa miyezi yambiri, osawerengera masiku omwe njinga yakhala pa galaja banja la mnyamatayo likugona ndi njala. Muzipatula ndalama ya oilo pa zomwe akubweretsazo, ndipo ngati simumukhulupirira gulani nokha chigubucho mukaone akuthira.