Wopopera mankhwala akagwa, tisamathamangire kunena kuti ndi malungo

Msuweni wanga anagwa m'dimba la tomato cha ku Ntcheu chaka chatha, dzuwa lili paliwombo, sipuleya ili kumsana. Anali pa ganyu. Anzake anamukokera pansi pa mtengo wa mango, wina n'kuthamangira ku golosale kukagula mkaka. Mwini dimba atafika anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Mnyamatayu sanadye m'mawa, ndi njala imeneyi." Amayi ake anati malungo. Agogo ena anayamba kale kutchula za anthu ansanje.

Ine nditamuona madzulo ake ku chipatala, malovu anali chuchuchu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira, mboni za m'maso zitachepa ngati nsonga ya singano. Adokotala anafunsa funso limodzi lokha: "Amapopera mankhwala anji?" Palibe anayankha. Mankhwalawo anabwera m'kabotolo ka zakumwa kopanda pepala lililonse, ogulidwa mopimitsa pa msika. Anamubaya atropine, jakisoni wolimbana ndi poizoni wotere, kangapo usiku umenewo, ndipo anapulumuka.

Atachira ndinamufunsa kuti, "Asuweni, tandiuzani bwinobwino mmene mumagwirira ntchito ija." Zimene anandiuza ndi zomwe zandilembetsa izi. Sipuleya ija inkadontha pa chivindikiro, ndiye malaya onse kumsana ankakhala ali nyowe kuyambira m'mawa. Posungunula mankhwala ankavundula ndi kamtengo, kakasowa ankalowetsa dzanja. Kamwa ya sipuleya ikatsekeka ankaivula n'kuiuzira ndi pakamwa, ngati mmene mwana amauzira wezulo. Nthawi ya nkhomaliro ankangopukuta manja pa buluku n'kuyamba kusenda mbatata. Magolovesi, jombo, chotchinga kumphuno, zonsezi anangozionapo pa chithunzi.

Ndiye tinganene kuti imeneyi ndi ngozi? Ngozi ndi mphenzi. Izi zinali zongodikira tsiku.

Maganizo anga ndi akuti poizoni wa kuntchito amasankha. Sagwira bwana amene amafika pa njinga yamoto, kuyang'ana mizere iwiri n'kubwerera. Amagwira waganyu, mnyamata wongoyamba kumene, munthu amene sangayerekeze kufunsa magolovesi chifukwa kuseri kwake kuli anthu khumi ofuna ganyu yemweyo. Amagwira amene amalipidwa potengera masipuleya amene wamaliza, chifukwa ameneyo sangadikire kuti dzuwa lipepe kapena mphepo ileke. Ndipo kukatentha, khungu lotuluka thukuta limamwa mankhwala msanga. Ambiri timaganiza kuti poizoni amalowera pakamwa pokha, chonsecho kwa wopopera khomo lalikulu ndi khungu.

Mankhwala a gulu la organophosphate, monga dimethoate ndi chlorpyrifos, amapha tizilombo posokoneza mitsempha, ndipo mitsempha ya munthu amaisokonezanso chimodzimodzi. Thupi limangotsegula mipopi yonse: malovu, misozi, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, mpaka m'chifuwa mumadzaza madzi munthu n'kubanika. Koma akalowa pang'ono, chimene umamva ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Tandiuzani, Mmalawi uti amene akamva zimenezi saganiza za malungo? Amagula panado, amagona tsiku limodzi, mawa lake wabwerera kukasenza sipuleya yomwe ija. Kuwerengera kwathu kwa anthu odwalira kuntchito kumathera pamenepo.

Ku fodya nako nkhani ndi yomweyi, kungoti kumeneko poizoni ali m'tsamba lenilenilo. Ukamathyola fodya wamuwisi m'mamawa mame asanaume, n'kumapanira masamba m'khwapa monga timachitira, chikonga chimalowa pakhungu. Pofika masana munthu akusanza ngati wasuta paketi yonse, chonsecho sanagwirepo ndudu chibadwire. Lipoti la bungwe la Plan International la 2009 linanena kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno ankatha kumwa chikonga chofika mamiligalamu 54 pa tsiku kudzera pakhungu, chofanana ndi ndudu 50. Amene tinakulira ku Kasungu kapena ku Mchinji tikukumbukira ana akubwera ku chigafa ali dzandidzandi, akuluakulu n'kumati fodya wawaledzeretsa, azolowera. Azolowera chiyani?

Ndisaiwale alonda. Juni ndi Julaye akafika, mlonda amalowetsa mbaula m'kanyumba kake n'kutseka chitseko ndi kawindo komwe. Mpweya woipa wa makala sununkha, suoneka, umangokugonetsa. Bwana amene sanamugulire jekete ndi yemwe mawa lake adzanene kuti mlondayo anali waulesi, amagona pa ntchito.

Malamulo alipo, musaganize kuti kulibe. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito la 1997 limapereka udindo woteteza wantchito kwa wolemba ntchito. Lilipo la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito la 2000. Lilipo bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira mankhwala ophera tizilombo. Koma pitani pa msika uliwonse tsiku la msika, mukapeza tameki ndi timabotolo topimidwa tili pa mphasa moyandikana ndi usipa. Kuchokera pomwe mbozi zija zinavuta m'chimanga cha m'ma 2017, aliyense anasanduka katswiri wosakaniza mankhwala, awa pang'ono, awa pang'ono, kuti "akhale amphamvu". Botolo lenileni limakhala ndi mzere wa mtundu kumunsi kwake: wofiira ndiye woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, wobiriwira. Komanso malangizo ake nthawi zambiri amakhala m'Chingerezi, m'tizilembo tating'ono toti ngakhale ine wa magalasi ndimachita kutsinzinira. Nanga amene analekeza Sitandade 4?

Ndikudziwa ena muti, "Anyamatawa ukawapatsa ovolosi amavula okha, amati ikutentha." N'zoona, ndinaonapo. Koma ovolosi imatentha chifukwa mwamutuma kupopera 11 koloko m'mwezi wa Okutobala. Mutumeni m'mamawa kapena madzulo, konzani sipuleya yodonthayo, ikani ndowa ya madzi ndi sopo m'mbali mwa munda, muone ngati angakane. Mtengo wa magolovesi sufika ngakhale pa beseni limodzi la tomato. Ndipo inu amene mumalima pa foni muli ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, kumangotumiza ndalama ya mankhwala, munayamba mwafunsapo kuti wopopera wanu amavala chiyani?

Za mkaka zija tizisiye. Mkaka sutsuka poizoni, ndipo kumwetsa munthu amene akukomoka kungathe kumutsamwitsa. Musamusanzitsenso dala. Muchotseni pamalopo, muvuleni zovala zonyowazo, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, inu omuthandiza musagwire zovalazo ndi manja osavala kanthu, kenako thamangirani ku chipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo. Botolo limenelo limauza dokotala zambiri kuposa achibale khumi olira pakhomo.

Msuweni wanga uja anakhala m'chipatala masiku anayi. Mwini dimba anatumiza shuga paketi imodzi, koma pa malipiro anadula masiku anayiwo. Sabata yatha ndinamuimbira, anandiuza kuti wabwerera ku dimba lomwelo chifukwa tomato wayamba maluwa ndipo ganyu kwina kulibe. Ndinafunsa za sipuleya ija. Anaseka n'kunena kuti, "Asuweni, tinaimanga ndi mphira, panopa ikudontha pang'ono."