Siyani kupondaponda pamene pagona mtembo wa munthu wosauka

Ana anga, ndalemba izi mtima ukuwawa. Mwezi wathawu kunapezeka mtembo m'ngalande kuseri kwa msika wa kwathu kuno. Anali bambo uja ankagona pakhonde la sitolo atafunda makatoni, amene tonse tinkamudutsa ngati chitsa. Apolisi asanafike, anthu anali ataunjikana kale ngati pakugawidwa chimanga. Mnyamata wina anamutembenuza ndi phazi kuti nkhope ioneke bwino pa foni. Mayi wina, mwa chifundo chake ndithu, anamupukuta kumaso n'kumufunditsa chitenje. Wina anatola botolo limene linali pambali n'kuliponya patchire. Dzuwa lisanakwere, chithunzi chinali chili pa Facebook, pansi pake atalemba kuti "kachasu wamutsiriza."

Anamupima ndani kuti ndi kachasu? Inuyo?

Mawu ngati amenewa ndiwo anabisa Samuel Little ku America kwa zaka 35. Munthu ameneyu anadzavomera kuti pakati pa 1970 ndi 2005 anapha anthu 93, pafupifupi onse amayi. Sankasankha mwachisawawa. Ankafuna osauka, oyendayenda, ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, aja oti akasowa palibe wothamangira kupolisi. Anali katswiri wa nkhonya pa unyamata wake, choncho ankamenya munthu mpaka kukomoka, kenako n'kumukanyanga pakhosi. Pathupi panalibe bala la mpeni kapena la chipolopolo. Ambiri mwa amayiwa analembedwa kuti afa ndi mankhwala, ngozi kapena matenda, nkhani n'kuthera pomwepo. Ena sanadziwike n'komwe maina awo.

Ndipo musaganize kuti panalibe amene anachenjezapo. Amayi ena anapulumuka m'manja mwake n'kufotokoza, koma poti anali oyendayenda mawu awo sanalemere. Mu 1984 khoti la ku Florida linamupeza wosalakwa pa mlandu wakupha. Makolo athu anati wamisala anaona nkhondo, koma ife timayamba tayang'ana zovala za mboni tisanamve zimene ikunena.

Chinamugwetsa n'chiyani? Mu 2012 anamugwira ku Louisville, m'boma la Kentucky, pamalo ogona anthu osowa pokhala, pa mlandu wa mankhwala chabe. Atamutengera ku Los Angeles, apolisi anayerekeza DNA yake (chizindikiro cha m'magazi, m'khungu ndi m'thupi lonse chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnzake) ndi imene inatsalira pa matupi ndi zovala za amayi 3 amene anaphedwa mu 1987 ndi 1989. Zinagwirizana. Taganizani bwino pamenepa: pali munthu amene zaka zoposa 20 m'mbuyomo anagwada pambali pa mtembo wa mayi wonyozeka, nasunga chovala chake mosamala, osadziwa kuti chidzayankhula liti. Mu 2014 Little anamuweruza kukhala m'ndende moyo wake wonse. Mu 2018 wapolisi wa ku Texas, James Holland, anakhala naye masiku ambirimbiri mpaka anayamba kuulula, uku akujambula pamanja nkhope za amayi amene anawapha. Pofika 2019 a FBI, apolisi ofufuza milandu ikuluikulu a dziko la America, anali atatsimikiza imfa 50 mwa zimene anavomera. Iye anamwalira ali mkaidi mu 2020.

Tsono mvetsani chimene mumaononga. Munthu akakanyangidwa pakhosi, m'maso mwake mumatsala timadontho ta magazi, ndipo nthawi zina kafupa kakang'ono ka pakhosi kamathyoka. Dokotala wopima mitembo amaziona zimenezi, koma thupi likayamba kuonongeka zambiri zimafufutika, ndipo kutentha kwa kuno sikudikira munthu. Amene akulimbana ndi womupha amakanda, khungu la chigawengacho n'kutsalira m'zikhadabo. Momwe magazi akhalira m'thupi zimasonyeza ngati munthu anafera pomwepo kapena anachita kudzatayidwa. Mapazi a pamatope, chingwe, ndudu yotsala, botolo lija, zonsezi ndi mboni. Inu mukatembenuza mtembo, kuupukuta, kupondaponda ndi kugwiragwira, mwathandiza wakupha kusesa pakhomo pake, mwaulere.

Mukapeza mtembo, imani patali, letsani ana ndi anzanu kuyandikira, wina aitane apolisi ndi amfumu. Foni ibwerere m'thumba. Ngati munaona wina akucheza ndi malemuyo usiku, kanene, ngakhale mukuona ngati n'zazing'ono. Inu ogulitsa mumsika, inu alonda, mumawadziwa ana ogona m'misewu ndi odwala misala a m'dera lanu kuposa wapolisi aliyense. Mmodzi akasowa masiku atatu, funsani. Wachiwiri akapezeka atafa mofanana ndi woyamba, musakhale chete, chifukwa imfa zoterezi zimadziwika kuti n'za munthu mmodzi pokhapokha wina akaziika pamodzi. Ndipo inu achibale, ndikudziwa kuti maliro amadya ndalama tsiku lililonse, koma musakakamize kuika msanga pamene imfa ili yokayikitsa. Lolani a chipatala apime kaye.

Bambo wa kumsika uja mwina anafadi ndi mowa, mwina ayi. Apolisi atafika anapeza matope okhaokha opondedwa ndi anthu mazana, nkhope yopukutidwa bwino, ndi chitenje cha mayi amene sanamuphe.