Bokosi lopanda kanthu si ziro

Ndili ndi pempho kwa anzanga amene mumalowetsa malipoti a zipatala mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta yosonkhanitsira manambala a zaumoyo, mwezi ndi mwezi. Fomu ikabwera ndi bokosi losalembedwa, chonde musaikepo 0.

Ziro amatanthauza kuti namwino anatsegula kaundula, anawerenga, osapezamo mwana ngakhale mmodzi wodwala malungo. Bokosi lopanda kanthu ndi nkhani ina. Mwina kaundula anatha masamba, mwina zoyezera malungo kunalibe, mwinanso fomu inanyowa m'chikwama cha HSA, mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi, powoloka mtsinje, inki nkusungunuka. Kompyuta izi siizidziwa ayi, imangophatikiza. Mapeto ake dera la chipatalacho limaoneka ngati kulibe matenda, ndipo pogawa mankhwala a malungo a LA ndi masikito limapatsidwa zochepa.

Chimandiwawa kwambiri nchakuti manambala sasowa paliponse mofanana. Amasowa kumene kwavuta. Kumbukirani mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje, kolera ili kale pakati pathu kuyambira 2022. Pa nthawi yotere, chipatala chimene chalephera kutumiza lipoti nthawi zambiri ndi chomwecho chimene odwala afika mpaka pakhonde. Tikachilembera ziro, tafafaniza anthu amene amafunika thandizo kuposa wina aliyense.

Ena amati tingotenga avereji ya zipatala zinazo nkudzaza. Komatu zimene zatumiza pa nthawi yake ndi za magetsi, netiweki ndi msewu wa phula. Za ku East Bank, kutsidya kwa mtsinje wa Shire, simungaziyeze ndi mlingo wa ku Limbe.

Ine ndimati bokosilo likhale choncho, mulembe chifukwa chake, muimbe foni kufunsa. Ngati kuyerekeza nkofunikadi, onani chipatala chomwecho mwezi womwewo zaka zam'mbuyo, poti malungo amakwera nyengo ya dzinja, ndipo muonetse poyera kuti nambalayo ndi yongoyerekeza. Lipoti lililonse lizinenanso kuti zatumiza ndi zipatala zingati mwa zingati.

Nanu mabwana akumaofesi, mukamakalipira kalaliki chifukwa fomu ili ndi mipata, dziwani kuti mwezi wamawa adzadzaza mabokosi onse ndi za m'mutu mwake poopa inu. Mufunseni kaye chinachitika nchiyani kuchipatalako, ndipo ngati kaundula anatha, mutumizeni wina.