Siyani kunena kuti ndi nkhanza, kavalo wa ku Douglas sasenza ngolo

Zandikwiyitsa kwambiri. Wina waika kavidiyo pa Facebook ka kavalo akukoka ngolo ya pa njanji mu tawuni ya Douglas, pa chilumba cha Isle of Man pakati pa Britain ndi Ireland, anthu n'kuyamba kulalata kuti ndi nkhanza, aitseke njanjiyo. Mwafunsa kaye mmene imayendera? Safunsa anadya phula.

Kavalo uja sasenza kanthu pamsana. Kulemera konse kwa ngolo ndi anthu okwera kumakhala pa mawilo achitsulo, mawilowo ali pa njanji yachitsulo. Iye amangokoka basi, ndipo chitsulo pa chitsulo chimagubuduzika mopepuka kuposa ngolo ya ng'ombe pa msewu wafumbi. Njirayo ili m'mbali mwa nyanja, palibe chitunda, ndipo yonse inali makilomita 2.6 okha. Mawilo ali ndi maberingi. Pamene kavalo amagwiritsa mphamvu zambiri ndi poyambira pokha, mapazi angapo oyamba, ngolo ikangogwedezeka amangopitiriza. Poima sagwira ndi thupi lake ayi, woyendetsa amapukusa chogwirira cha mabuleki chomwe chili kutsogolo kwake. Akafika kumapeto ngolo siitembenuzidwa. Amamasula kavaloyo, kumuzungulitsa, n'kukamukoleka mbali inayo. Nkhanzazo zili pati?

Vuto lenileni ndi madalaivala a galimoto amene amadula kutsogolo mwadzidzidzi. Ngolo ya pa njanji siingakhote kuti izembe, ndipo mabuleki akachedwa imakamugunda kavalo ku miyendo yakumbuyo. Kalipirani amenewo.

Njanjiyi anaitsegula Thomas Lightfoot, injiniya wochokera ku Sheffield, mu Ogasiti 1876, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo zake ndi mamilimita 914. Kuyambira 1927 imayenda m'nyengo yotentha yokha, miyezi yozizira akavalo amapuma. Ndi akavalo akuluakulu, mtundu wa Clydesdale ndi Shire, amene anthu anaweta dala kuti azikoka katundu wolemera. Akakalamba amapita ku Home of Rest for Old Horses, malo osungirako akavalo okalamba omwe anayamba mu 1950 pa chilumba chomwecho. Ndiye munthu woonera masekondi khumi pa foni akhale woweruza? Ayi. Sasenza, amakoka, ndipo amakoka pamalo osalala.

Chomwe chinayenera kukupsetsani mtima ndi china. Mu Januwale 2016 khonsolo ya Douglas, yomwe inkayendetsa njanjiyi kuchokera mu 1902, inalengeza kuti yaitseka chifukwa inaluza mapaundi 263,000 m'chaka chimodzi. Anthu atakwiya, boma la chilumbacho linaitenga. Kenako anakumba msewu wonse wa m'mbali mwa nyanja kuti aukonze, ndipo ngolo zitabwerera mu 2022 zinkangochoka ku siteshoni ya Derby Castle n'kukathera pa msewu wa Broadway, osafika ku doko la Sea Terminal komwe alendo amatsikira sitima. Njanji yomwe inapulumuka nkhondo ziwiri zikuluzikulu anaidula pakati okonza msewu!